Mwana wa laputopu nayenso ndi woimba, mulembeni basi

Sabata yathayi ku msonkhano wa oimba a kuno ku Kasungu kunatsala pang'ono kuti anthu agendane ndi mipando, ndipo nkhani yake mpaka lero sinazizire, yafika m'maminibasi, yafika pa wailesi pa pologalamu ija yoimba mafoni, ngakhale amayi a mandasi pa depoti ali nayo mbali yawo. Chinachitika n'chakuti akuluakulu amafuna kupanga kaundula wa oimba onse a m'boma lino kuti kukagwa mwayi, kaya wa maphunziro kaya kandalama kochokera kumabungwe, pazidziwika anthu oitana. Ndiye anyamata angapo opanga ma biti pa laputopu anabwera kuti nawonso alembedwe. Mkulu wina amene wakhala akuimba gitala m'mabandi kuyambira nthawi ya Kamuzu anaimirira n'kunena kuti, "Ana inu, kaundula uyu ndi wa oimba, si wa akalaliki a pa kompyuta ayi." Anthu anafa nazo kuseka, ena kuomba m'manja, anyamata aja anatuluka mitu ili pansi. Mmodzi mwa iwo ndi mwana wa mlongo wanga.

Ndinene msanga mbali yanga kuti musavutike ndi kundifufuza. Mnyamata amene amakhala pansi n'kupeka biti yake kuchokera poti panalibe kanthu, kusankha yekha kuti ng'oma igunde pati, besi idutse pati, kiyibodi ilowe liti n'kutuluka liti, ameneyo ndi woimba weniweni ndipo alembedwe mu kaundulayo popanda kugwadira munthu. Musaganizenso kuti ndikungoikira kumbuyo mbumba yanga. Ine kwathu ndi kumbali ya mkulu uja, ndaimba besi zaka zoposa 20, m'kwaya kutchalitchi komanso m'kabandi ka maukwati komwe tinkazungulira nako ku Santhe, ku Chamama mpaka ku Nkhamenya titakwera pamwamba pa lole ya fodya, nsonga za zala zangazi zinauma kalekale ndi nsambo. Mukanandipeza zaka zitatu zapitazo ndikanaomba nawo m'manja. Koma tiyambe ndi Chichewa chathu chomwechi poti mkangano wonse wagona pa liwu limodzi. Ife timati kuimba nyimbo, kuimba ng'oma, kuimba gitala, kuimba belu, kuimba lipenga, kuimba mluzu, mpaka kuimba foni. Makolo athu sanalimangirire liwu limeneli pakhosi kapena pa nsambo, chilichonse chomwe munthu wachiliza dala kuti ena amve amati wachiimba. Tsono ngati chikopa chokhomera pa mtengo wogoba chimaimbidwa, waya wa buleki ya njinga womangirira pa chigubu amaimbidwa, laputopu yokha yalakwa chani kuti ikhale yosaimbidwa?

Mfundo yoyamba ya anzathu otsutsa, yomwe inamveka kwambiri pa wailesi paja, ndi yakuti anawa amangodina mabatani, imene imaimba ndi kompyuta. Sindingawanyoze poganiza choncho chifukwa ukalowa m'masitudiyo awo ukupeza mwana wavala mahedifoni akungogwedeza mutu, dzanja lili pa mouse, thukuta palibe, chida chooneka palibe, ndiye mtima umakuuza kuti apa pali chinyengo. Inenso ndinalowa ndi mtima womwewo. Situdiyo ya mwana wa mlongo wangayu ndi kachipinda kuseri kwa barbershop, makoma anamata mathireyi a mazira ndi zidutswa za matilesi akale kuti mawu asamabwerere, maikolofoni anaiveka sokosi, sipika imodzi ndi ya wailesi ya galimoto. Pulogalamu yomwe amagwiritsa ntchito ndi FL Studio, ya kampani ya ku Belgium yotchedwa Image-Line, inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi dzina loti FruityLoops, mpaka pano mafana ambiri amangoti Fruity. Ukaitsegula mumakhala zii, timabokosi topanda kanthu tili ndandanda basi. Ndinamuona akuyamba wang'ung'udza besi ndi pakamwa, kenako n'kumaika kadontho kamodzikamodzi pa mizere mpaka zomwe zimatuluka mu sipika zifanane ndi zomwe zili m'mutu mwake, kena akafufuta, kena akatalikitsa, kena akachepetsa mphamvu. Ndiye panali kachisekese kena komwe anakhala nako pafupifupi ola lathunthu, akukasuntha pang'ononong'ono kuti kazichedwa, ine kutopa n'kufunsa kuti iwe chavuta n'chani poti zikumveka bwinobwino. Yankho lake ndi limene linanditembenuza. Anati, "Ankolo, ikuyenda ngati msilikali pa perete, ndikufuna iziyenda ngati munthu woti wakhuta akuchokera kuukwati." Mawu amenewo ndi a woimba, ndi omwewo amene ife tinkakalipirana nawo ndi wa ng'oma wathu pa pulakatisi, kungoti ife tinkanena motukwana. Kenako anandipatsa mouse kuti ndiyese. Ine ndi zaka zanga 20 zija, makodi ndikuwadziwa, kiyi ndikuimva, koma zomwe ndinapanga zinkamveka ngati mbale zikugwa pa thandala. Ngati kompyuta ndi imene imaimba, bwanji inakana kundiimbira ine?

Pamfundo yomweyi pali kachinyengo kena komwe ife akuluakulu sitifuna kukayang'ana. Lowani m'matchalitchi athu Lamulungu lililonse, kaya ku boma kuno kaya kumudzi komwe kuli sola, mupeza mnyamata wa kiyibodi wadina batani limodzi ng'oma zayamba zokha, wagwira zala zitatu kumanzere besi ndi gitala zikutsatira zokha m'kati mwa Yamaha, ndipo tonse timatuluka tikuti koma mwana uja amaimba. Palibe anamutchulapo kalaliki. Chonsecho biti imeneyo sanapeke iye, inabwera kale m'makinamo kuchokera ku fakitale, pomwe mwana wa laputopu uja yake amamanga yekha kuyambira pansi. Ndipo inu okonda reggae amene munakuwa kwambiri tsiku lija, mukumbukire kuti mu 1985 ku Kingston, mu situdiyo ya King Jammy, biti yotchuka ya Sleng Teng inachokera mu kakiyibodi kakang'ono ka Casio MT-40, kabiti komwe kanali kale m'katimo, Wayne Smith ndi mnzake Noel Davey anangokapeza n'kuona kuti muli moyo, ndipo kuchokera pamenepo nyimbo za ku Jamaica zinakhotera ku makina. Tisanafike n'komwe kumeneko, King Tubby ndi Lee Perry anatchuka dziko lonse chifukwa cha zomwe ankachita atakhala pa mikisa, kuchotsa mawu apa, kubweza ng'oma apo, ndiwo anabala dub imene ma rasta athu amaivinira atatsinzina. Kwathu konkuno, katengeni makaseti aja tinkagula kwa OG Issa m'zaka za m'ma 1990, a nyimbo za ku Balaka ndi za uzimu zomwe, mumvetsere bwinobwino ng'oma zake. Zambiri ndi za m'makina, sizinagundidwe ndi munthu wogwira timitengo, koma tinavina mpaka nsapato kutha ndipo palibe anabweza kaseti kuti mulibe oimba enieni.

Mfundo yachiwiri ndi yamphamvu kuposa yoyamba, amati muikeni pa siteji tione, kapena magetsi angothima muone ngati angatulutse nyimbo, woimba weniweni amaimba ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Pali choona m'menemo, kuimba pamaso pa anthu ndi luso palokha, kuwerenga nkhope za anthu, kudziwa kuti apa ndikweze apa nditsitse, ndipo ma producer ambiri, opanga ma biti aja, luso limenelo alibe. Komabe mayeso a magetsiwa ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Ndikukumbuka ukwati wina cha ku Chatoloma jenereta inatha mafuta mkwati ndi mkwatibwi ali pakati pa bwalo perekaniperekani atafika pokoma, ife oimba enieni tonse, wa besi ine, wa lidi, wa kiyibodi, tinangoti njo ngati zitsa, besi yamagetsi popanda ampu imalira ngati udzudzu. Amene anapulumutsa ukwati uja ndi amayi a kuchikazi, anayambitsa nyimbo ya chimtali, manja ndi nthungululu, ndalama zinapitiriza kugwa m'lichero. Ndiye tikati woimba ndi yekhayo amene magetsi sangamugwetse, kaundula uja tiwapatse amayi aja, ine ndi mkulu uja tituluke limodzi ndi ana a laputopu. Kuonjezera apo, m'makwaya mwathu muli anthu opeka nyimbo amene mawu awo ndi osasa, sangayime kutsogolo, koma ndiwo amagawa kuti soprano idutse umu, alto umu, tenor ndi besi umu, ndipo kwaya ikapambana pa mpikisano timanyamula iwowo. Ntchito ya producer ndi imeneyo ndendende, kungoti oimba ake ali m'kati mwa makina ndipo sajomba pulakatisi. Black Coffee wa ku South Africa dzanja lake lamanzere linasiya kugwira ntchito atachita ngozi mu 1990 ali mnyamata, gitala sangagwire, koma mu 2022 anatenga mphoto ya Grammy ndi nyimbo zopangira pa makina. Allan Namoko sankaona koma tinamva banjo yake n'kuvomereza kuti uyu ndi katswiri, sitinafunse kuti maso ali kuti. Kwa onse awiriwa chomwe chinagwira ntchito ndi khutu ndi mutu, ziwalo zinazo zimangotumikira.

Tsono tifike pomwe anzathuwa akunena zoona kwambiri, pa nkhani ya kuba ndi kufanana kwa nyimbo. Amati anawa amangotsitsa zidutswa za nyimbo pa intaneti n'kulumikiza, ena amatenga biti yathunthu pa YouTube n'kuikapo kadzina kawo kumayambiriro, ndipo mukamvera nyimbo khumi za mafana a pano zonse ndi log drum yomweyomweyo ya amapiano, mawu onse opotokola ndi Auto-Tune mpaka osadziwa kuti akuimbayo ndi mwamuna, mkazi kapena mbuzi. Apa sindikana. Alipo otero ndipo ndi ambiri, wotenga biti ya mwini n'kuigulitsa ngati yake ndi wakuba basi, tisamunyengerere. Koma funso ndi lakuti, kodi kupezeka kwa akuba ndi aulesi pa ntchito kumafafaniza ntchitoyo? Pa msika wa fodya wa Chinkhoma pamabwera mabelo ena oika fodya wabwino pamwamba zinyalala pakati, koma sitinanenepo kuti ulimi wa fodya si ulimi. Ndiponso ife a mabandi tisadziyeretse, kabandi kathu kaja usiku wonse tinkaimba nyimbo za eni, rumba ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe, reggae ya ku Jamaica, kukopera lidi yonse mpaka polakwitsa mwini wake ifenso kulakwitsa pomwepo, n'kumazitchula monyadira kuti ma copyright, osadziwa kuti dzina lomwelo likutiimba mlandu. Pa zaka zonsezo nyimbo zathuzathu zomwe tinapeka sizikwana zisanu. Mwana wa mlongo wangayu ali ndi ma biti ake mazana mu hard drive, ena oipa zedi, ena oti ukamva tsitsi limaima. Ndani wapeka zambiri pakati pa iye ndi ine? Za kufanana nazo si zachilendo, nthawi ya Balaka aliyense ankafuna kumveka ngati wa ku Balaka, Evison Matafale atatchuka aliyense anafuna reggae ya ku Chileka, m'badwo uliwonse uli ndi akatswiri ochepa ndi otsanzira ambiri, nthawi ndi imene imapeta.

Ena amapitiriza kuti chabwino, koma zimenezi si zathu, zikupha chikhalidwe. Apa mpomwe ndimaseka pang'ono chifukwa zomwe tikuzitcha zathu lero zambiri zinabwera ndi alendo kapena ndi makolo athu obwera ku Joni ndi ku Salisbury, komwe lero ndi ku Harare. Gitala si wa ku Kasungu, banjo si ya ku Thyolo. Kwela yomwe Daniel ndi Donald Kachamba anaitchukitsa ku Chileka inachokera m'makomboni a ku South Africa, iwo anakaitola ali ana ku Salisbury n'kudzaipatsa fungo lakwathu. Mganda womwe timati ndi wathu weniweni kuno kuchigawo chapakati, wa makabudula oyera ositasita ndi masokosi ofika m'mawondo, unayamba potsanzira perete wa asilikali a atsamunda, malipenga a mkuwa kunalibe ndiye makolo anatenga zikho n'kupanga awo. Chomwe chimapangitsa nyimbo kukhala yathu si kumene chida chinapangidwa ayi koma amene wachigwira ndi zomwe waikamo. Ndipo kunena zoona, pa anthu onse amene ndikuwadziwa pa boma pano, amene anakwera kabaza kupita kumudzi ndi foni kukajambula mkulu wina akuimba mbalule ndi mpanje, atayamba wapempha bwinobwino n'kudikira kuti ng'oma ziwambidwe pamoto, si wa bandi aliyense, ndi mwana wa laputopu yemweyu. Anadzadula kulira kwa ng'oma kuja n'kukumanga pansi pa biti yake, ndipo mafana omwe sanapondepo pabwalo la gule anavina osadziwa kuti akuvinira ng'oma ya agogo awo. Ife a mabandi zaka zonse zija tinali kalikiliki kusaka kuti timveke ngati a ku Kinshasa.

Palinso nkhani ya umphawi yomwe pa msonkhano paja palibe anaitchula. Kuti mukhale ndi bandi pamafunika magitala atatu, ng'oma, kiyibodi, ma ampu, mikisa, masipika, malo a pulakatisi ndi galimoto, ndalama zoti mwana wa mlimi wa ku Wimbe sangazione ngakhale fodya atagulidwa bwino zaka zitatu zotsatizana. M'masukulu athu a boma ndi angati muli gitala ngakhale mmodzi? Kale kuti mawu ako ajambulidwe umayenera kukafika ku situdiyo ya MBC ku Blantyre, ndiye tangoganizani ndi aluso angati a kuno anapita kumanda nyimbo zawo zili m'mimba. Lero laputopu yakale ya kaunjika yothyoka chivindikiro yasanduka banjo ya chigubu ya m'badwo uno. Tinanyadira William Kamkwamba wa konkuno atatola zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale n'kupanga makina amphepo opatsa magetsi, timanyadira a Madalitso Band akamazungulira ku Ulaya ndi babatoni, besi ya nsambo imodzi yokhoma okha, ndiye mwana wina akatenga chomwe chili pafupi naye n'kupanga nacho nyimbo timuthamangitse bwanji? Chomwe ndikuvomereza ndi mtima wowawa n'chakuti ntchito za ife ogwira zida zachepadi. Woimba amene kale akanaitana anthu asanu ku situdiyo pano amangopita kwa mnyamata mmodzi, maukwati nawo anatengedwa ndi ma DJ, kabandi kathu kanafa imfa imeneyo ndipo zida zina tinagulitsa kwa a tchalitchi china. Ndikuganiza kuti mkwiyo wa mkulu uja gwero lake lenileni ndi pamenepa, ndipo ndi mkwiyo womveka. Kungoti kumumana mwana dzina loti woimba sikubweza ukwati ngakhale umodzi kwa ife.

Mwina wina afunsa kuti nanga dzina lokhalo mukulimbanira chani, si mungomutcha producer n'kusiya? Chifukwa chake ndi ndalama. Malingana ngati tikunena kuti amene wapanga biti sanaimbe, wangothandizira ngati wokonza maikolofoni, ndiye kuti tikuvomereza zomwe zikuchitika panopa, zoti mnyamata amagona masiku atatu pa biti, woimba mawu amabwera kumupatsa K20,000, mwinanso theka lokha lotsalalo mawa lomwe silifika, nyimbo ikaphulika pa wailesi ndi pa TikTok dzina ndi la mmodzi, ma show ndi a mmodzi, wopeka chuni chomwe anthu akuvinacho ali kuseri kwa barbershop akudya chiwaya cha ngongole. N'chifukwa chake mumamva timawu tija ta ma producer kumayambiriro kwa nyimbo, ena zimawanyansa koma ndi siginecha ya munthu woopa kufufutidwa. COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ilipo kuyambira 1992, lamulo la umwini wa zaluso linakonzedwanso mu 2016, ndipo nyimbo si mawu okha, chuni nachonso chili ndi mwini wake. Koma mwana amene akulu a ntchito yake amuuza pagulu kuti ndiwe kalaliki adzalimba bwanji mtima kukalembetsa gawo lake kapena kuuza woimba kuti tisainirane kaye tisanajambule? Kaundula uja akanakhala malo oyamba owaphunzitsira zimenezi.

Kuti musanene kuti ndatsegula chitseko kwa aliyense, malire anga ndi awa. Masiku ano kwabwera ma pulogalamu a AI ngati Suno omwe umangolemba kuti ndikufuna nyimbo ya chikondi ya amapiano, pakangopita mphindi yatuluka yathunthu ndi mawu omwe. Ameneyo kwa ine si woimba, ndi kasitomala. Kulowa mu lesitilanti n'kuitanitsa nsima ya chambo sikukusandutsa wophika ngakhale utanena kuti mchere uchepe. Kusiyana kwake ndi mwana wa FL Studio n'koonekeratu, uyu mukamufunsa kuti bwanji besi yatsika apa akuuzani chifukwa chake, mukamuuza kuti woimba mawu akukanika kufika pamwamba atsitsa kiyi, mukachotsa kadontho kamodzi pa mazana aja amva kuti pena pasowa kanthu. Winayo sangayankhe kalikonse poti sanasankhe kalikonse. Ndiye ngati akuluakulu a kaundula akuopa kulemba anthu ongodina, njira ilipo yosavuta, amukhazike mnyamatayo pansi, atsegule pulojekiti yopanda kanthu, amuimbire kanyimbo ka chimtali kapena ka m'buku la nyimbo ndi pakamwa, amuuze kuti tamanga pamenepa. Pakutha pa ola limodzi adziwa amene ali ndi khutu ndi amene alibe. Kungoti mayeso omwewo akatipatsenso ife a magitala, tione ngati tonse tingakhoze, ine pali anzanga ena ndikuwakayikira kkkk.

Lachitatu lapitali, mkangano uli m'kati, mwana uja anandiimbira foni kuti ankolo tabwerani ndi besi yanu ija, pali biti ina besi ya mu kompyuta ikukana kukhala, ikufuna zala za munthu. Ndinaipukuta fumbi, nsambo imodzi inali itachita dzimbiri, ndinakwera nayo kabaza anthu akundiyang'ana ngati ndikupita kukagulitsa. Anandiveka mahedifoni, kachitsulo kowerengera nthawi kakugunda m'khutu kuti ke ke ke, ndinaimba ulendo woyamba ndikudzimva kuti apa mwana aone mmene timachitira akale. Anaimitsa. "Ankolo mwathamanga pa bala yachitatu." Ine ndinati iwe usandiphunzitse ntchito, ndinayamba kuimba amayi ako asanakwatiwe. Sanayankhe, anangobweza zomwe anajambula n'kundionetsa pa sikirini pomwe chala changa chinagwa ndi pomwe ng'oma inagwa, kenako anatseka sikiriniyo n'kuti mvetserani ndi khutu lokha. Ndinali nditathamangadi. Tinabwereza ka 11, ulendo wina anati nsambo yachiwiri yatsika pang'ono tachunani, ndipo inali itatsikadi, iye anaimva ine mwini gitala ndisanaimve. Pa ulendo womaliza sanakonze kalikonse ndi kompyuta, anati pamene mwachedwa pang'ono apo ndi pomwe pakukoma, pasiyeni choncho. Titamaliza anatsegula kabuku kake ka sukulu komwe amalembamo amene wachita chani pa nyimbo iliyonse, analemba dzina langa kutsogolo kwake n'kuika kuti besi, kenako anandifunsa ngati mkulu wa gitala uja angalole kudzaika lidi pa biti yomweyo, akuti palibe wina pa boma pano amene amaliza gitala ngati iwo. Msonkhano wina ulipo kumapeto kwa mwezi uno, ndanena kale kuti ndipita naye, iye anyamule laputopu ine ndinyamule sipika, ndipo uthenga wa lidi uja ndikawauza ndekha mkuluyo tisanalowe.